Mayankho athu anakwera mtunda, atsika liti?

Mlongo wanga ali ndi jumbo ya buluu imene sasiyana nayo. Usiku umene madzi a namondwe Freddy analowa m'mudzi, mu Malichi 2023, anasiya mapoto, mabulangete ndi thumba la mapira, koma jumboyo anaimangirira m'chiuno. Mmenemo muli buku la kuchipatala la mwana wake wamwamuna, mphwanga, ndi mapepala atatu amene iye anadindapo chala. Pepala lililonse linabwera ndi gulu lake la anthu ochita kafukufuku. Oyamba ankawerenga ana olumala. Achiwiri ankafuna kudziwa chifukwa chimene ana otere sapitira kusukulu. Achitatu anafunsa za mumtima mwa mayi: mumagona tulo, mumalira kangati, munaganizapo zodzipha?

Pa ulendo wachiwiri womasulira ndinali ine, popeza ndinali mphunzitsi pasukulu ya m'deralo ndipo Chimang'anja ndi Chisena ndimayankhula zonse. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu maola awiri. Pomaliza mlongo wanga anandikodola nati, "Achimwene, tawafunsani, ndiye apeza chiyani pa mwanayu?" Mtsikana amene ankalemba mayankho, mwana waulemu ndithu, anati, "Mayi, tikakamaliza kuunika zonse tidzabwera kudzakuuzani." Anasiya sopo ndi paketi ya shuga. Galimoto inalowera cha ku Thabwa, n'kukwera mtunda wa ku Blantyre. Mpaka lero.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti nzeru zothandiza ana amene ubongo wawo sukula monga wa anzawo zilipo, ndipo zambiri zinapezeka m'Malawi mommuno, kuchokera pakamwa pa amayi ngati mlongo wangayu. Vuto ndi lakuti zimakwera mtunda koma sizitsika. Zimakafika ku Liverpool ndi ku Birmingham, zimalowa m'magazini a madokotala, koma kusikelo ya pansi pa mtengo ku Chapananga ndi m'kalasi ya Sitandade 1 ku Tengani sizifika.

Mphwanga anabadwa bwinobwino. Anakhala pansi, anakwawa, anayenda pa nthawi yake, ndipo ali ndi zaka zinayi ankatchula mayina a ng'ombe zonse za bambo ake. Dzinja la 2011 linabwera ndi udzudzu wake monga mwa masiku onse kuno kuchigwa. Thupi linatentha Lachiwiri. Pofika Lachinayi anayamba kukomoka, maso atatembenuzika, manja atauma gwa. Tinamubereka pa njinga. Anagona masiku anayi osadziwa chilichonse, ndipo atatsitsimuka anatiuza kuti anali malungo a m'bongo, mwana wachira, tizipita. Tinapitadi tikuimba. Patatha miyezi ingapo tinaona kuti mwana amene tinabwera naye si yemwe uja. Mawu anachepa. Anayamba ukali, kuluma anzake, kuthawira kutchire dzuwa lili paliwombo. Kenako tsiku lina anagwa khunyu pafupi ndi mafuwa, n'kupsa mkono.

Akale anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwambiwu tonse timaudziwa, koma chilema chikafika pakhomo sitifunsa kuti chadza bwanji, timafunsa kuti wabwera nacho ndani. Mlamu wanga anali atangogula ngolo ndi ng'ombe ziwiri za pagoli ndi ndalama za thonje. Nkhani inatha yokha: bamboyo wakhwimira mwana. Ine monga mwinimbumba ndinakhala nawo pa mlanduwo, ndipo ngakhale ndinali munthu wasukulu, sindinamuikire kumbuyo, chifukwa ndinalibe yankho lina loposa la anthu. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga kutsidya, ku Mozambique. Banja linatha.

Yankho limene ndinalibelo linali litalembedwa kale. Mu 2010, chaka chimodzi mphwanga asanadwale, madokotala a Blantyre Malaria Project, ntchito imene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anaiyamba pa chipatala cha Gulupu mu 1986, anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana 132 amene anachira ku malungo a m'bongo. Kafukufukuyo anatsogolera ndi Gretchen Birbeck. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto: ena kulumala ziwalo kapena kuvutika kuyankhula, ena khalidwe losokonezeka, ndipo 12 anayamba kugwa khunyu. Ana amene thupi linatentha kwambiri ndiponso amene anakomokakomoka ali m'chipatala ndiwo anali pachiopsezo chachikulu cha khunyu. Ndiye kuti zonse zimene tinaona pakhomo pathu, ukali uja, kusowa mawu kuja, kugwa kuja, zinali zodziwika kwa anthu amene anali makilomita ochepa chabe kuseri kwa phiri. Ine ndinazimva patatha zaka zambiri, kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe tsopano ndi dokotala wamng'ono. Anandifotokozera tikudikira minibasi pa Dyeratu. Ndinakhala chete mpaka ku Nchalo.

Pakanapezeka munthu mmodzi wotiuza tsiku lotuluka m'chipatala kuti, "Malungo amenewa nthawi zina amasiya bala mu ubongo, mukaona zakutizakuti musanamizire munthu, mubwere naye," mbuzi zija zikanakhalapo, mwinanso banja lija. Mawu amenewo sadya ndalama ya boma ngakhale tambala.

Wina asati kafukufuku satsika kuno. Amatsika. Madokotala ataona kuti kolokwini wasiya kugwira ntchito, Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya, mu 1993, n'kuyamba Fansidar. Mu 2007 tinasinthanso n'kuyamba LA, ndipo lero ngakhale gogo wa ku Marka amamudziwa LA ndi dzina. Chiponde cha ana onyentchera chinayesedwa ndi ofufuza m'dziko muno chisanafike m'manja mwa amayi. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu 2019, Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyambirira. Njira yotsikira ilipo, ndipo phula lake ndi labwino. Koma taonani zimene zimatsika: mapiritsi, makatoni, mabotolo, zinthu zoti munthu angaziwerenge, kuzikweza pa lole, n'kusayinira. Chimene mwana ngati mphwanga amafuna sichilowa m'katoni. Amafuna munthu woti amuyang'ane, nthawi yoti mayi afotokoze, ndi wina woti adzamuonenso miyezi itatu ikatha. Kuwonjezera apo, m'mabuku a zaumoyo mwana amene watuluka m'chipatala wamoyo amalembedwa kuti wachira, basi. Mphwanga m'mabukumo ali m'gulu la nkhani zabwino.

Pali chida china chimene dzina lake lenilenilo lili ndi mawu oti Malawi. Melissa Gladstone wa ku yunivesite ya Liverpool ndi anzake a ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa KUHeS, anaona kuti mayeso a kakulidwe ka ana ochokera ku Ulaya ndi ku America amafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo, ndiye mwana wanzeru zake amaoneka ngati wotsalira. Anakhala pansi ndi makolo a m'midzi kuwafunsa kuti kwa iwo mwana wokula bwino ndi wotani. Makolo anatchula ulemu, kutumika, kuthandiza ntchito za pakhomo, kukhala bwino ndi anzake. Anakonza mayeso a mfundo 136, okhudza kuyenda, kugwiritsa ntchito manja, kuyankhula ndi kukhala ndi anthu, n'kuwayesa pa ana 1,426 a m'midzi. Anawatcha Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT, ndipo anafalitsidwa mu 2010. Lero ofufuza a m'mayiko ambiri amawagwiritsa ntchito.

Nanga kusikelo kwathu? Ine ndaperekezako adzukulu kambirimbiri. Mwana amakolekedwa pa mtengo, kulemera kwake kumalembedwa, katemera amabayidwa, wotsatira. Sindinamvepo mayi akufunsidwa kuti mwanayu akaitanidwa amacheuka, amakhala pansi yekha, watchulapo mawu. Sindikudzudzula mlangizi wa zaumoyo. Mnyamata mmodzi, amayi mzere mpaka kumsewu, kutentha kopitirira madigiri 40 kwa mu Okutobala, iye wapalasa njinga kuchokera m'mawa: mfundo 136 sangazithe, ndipo palibe amene angamuuze kuti azithe. Koma mfundo zisanu angathe. Kusankha zisanuzo, kuziika m'Chichewa ndi m'Chisena chomveka, ndi kunena kumene mwana wopezeka ndi vuto apite, imeneyo ndi ntchito ya ophunzira athu pamodzi ndi unduna. Mwana amene sanalire pobadwa, amene anadwala chikasu ali wakhanda, amene anapulumuka ku matenda oumitsa khosi kapena malungo a m'bongo, buku lake likanayenera kukhala ndi chizindikiro choti aliyense wolitsegula adziwe kuti uyu ngofunika diso lachiwiri.

Tsopano ndidziulule ndekha. Mphwanga anakhala m'kalasi mwanga, Sitandade 1, zaka zitatu zotsatizana. Ana analipo oposa zana limodzi, ena pansi, ena pawindo. Ndinkamukhazika kumbuyo kuti akayamba phokoso asasokoneze anzake, ndipo akatuluka osatsanzika mtima wanga unkakhala pansi. Anzake ankamutcha wozerezeka, ine n'kumawakalipira, koma chimene ndinkachita ine sichinkasiyana ndi dzinalo. Ku koleji ya aphunzitsi anandiphunzitsa kulemba sikimu ndi kuimbitsa a e i o u. Palibe anandiuzapo kuti mwana wotere umukhazike patsogolo, umuuze chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, umupatse timiyala m'manja m'malo momulozera pa bolodi, umupezere mnzake wokhala naye. Izi ndinazimva nditatsala pang'ono kupuma ntchito, kwa mphunzitsi wina amene anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kumene amasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Iye anali ndi sukulu zambirimbiri zoti aziyendera, ndi njinga yopanda mabuleki.

Chigwa chino sichachilendo ku maphunziro a ana olumala. Sukulu ya osaona ya Lulwe ku Nsanje ndi yakalekale, ndipo pa Makande ku Ngabu ana osaona akhala akuphunzira kwa zaka zambiri. Koma mwana wosaona aliyense amamuona, ndipo palibe amene amati ndi waulesi. Mwana wa autism, wa Down syndrome, kapena amene malungo anamusiyira bala losaoneka, amangotchedwa wamwano, wopepera, wolodzedwa, mpaka tsiku limene amasiya yekha kubwera, aphunzitsi n'kupuma.

Kuseri kwa mapiri amene timawaona tikaima ku Makhuwira kuli boma la Thyolo, mmene munachitika ntchito ziwiri zimene ndimalakalaka zikanawoloka kubwera kuno. Ina inali ya ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, amene anaphunzitsa anthu wamba a m'midzi ya ku Thyolo ndi ku Ntcheu kuzindikira ana olumala, kenako madokotala n'kuwapima anawo. Anapeza ana pafupifupi 17 mwa 1,000 aliwonse ali ndi ulumali kapena khunyu. Inayo inali Tikule Limodzi, ya yunivesite ya Birmingham, Chancellor College ndi bungwe la Sightsavers, imene inagwira ntchito m'sukulu za mmera mpoyamba 48, kuphunzitsa alezi mmene angalandirire ana olumala pamodzi ndi anzawo. Tichite masamu a mphunzitsi wopuma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 ku Chikwawa ndi 299,168 ku Nsanje, ndipo pafupifupi theka la Amalawi ndi ana. Chiwerengero cha ku Thyolo chija tikachibweretsa kuno, tikunena za ana oposa 7,000. Ndipo kuno malungo ndi ochuluka kuposa kumapiri kozizira kuja.

Za amayi nazo zinafufuzidwa. Charles Masulani-Mwale wa ku St John of God ndi anzake anafunsa makolo a ana a ulumali wa mu ubongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo zimene anafalitsa mu 2018 zinasonyeza kuti makolo anayi mwa khumi aliwonse anali ndi nkhawa yofika podwalitsa. Amenewo ndi makolo a m'tauni, amene ali ndi kopita. Mlongo wanga sapita ku ganyu ya m'minda ya nzimbe chifukwa alibe womusiyira mwana, sapita kumaliro a kutali, ndipo ku tchalitchi amakhala pafupi ndi khomo.

Ndikudziwa chimene anzathu ofufuza anganene, ndipo ali ndi mfundo. Iwo si unduna. Ndalama zawo zimabwera ndi tsiku lothera, zikatha galimoto imabwezedwa, mtsikana wolemba mayankho uja amakasaka ntchito ina. Amalemba malipoti, amaitana akuluakulu a boma ku hotela, amapereka zonse. Malamulo nawo alipo: dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, linakhazikitsa lamulo la olumala mu 2012, ndondomeko ya maphunziro osasankha ya 2017 mpaka 2021, ndi lamulo latsopano la 2024 limene linasintha bungwe la olumala la MACOHA kukhala MACODA. Zoonadi mlandu waukulu uli ndi boma limene limalemba zabwino koma osaikapo ndalama. Komabe amene anakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kulonjeza kubweranso si boma. Ngati ndalama zinapezeka zobwerera kudzafunsa, zobwerera kudzayankha zikanayenera kuikidwa padera tsiku loyamba lomwelo. Makomiti amene amavomereza kafukufuku, ya ku KUHeS ndi ya ku unduna wa zaumoyo, amaonetsetsa kuti mayi wadinda chala mwa kufuna kwake. Aonetsetsenso kuti mayi yemweyo wamva zotsatira, m'chiyankhulo chake, pa bwalo la mfumu yake, ndipo gulu limene silinabwerere lisapatsidwe chilolezo china. Wailesi za Nyanthepa ndi Gaka zilipo, ndipo anthu amazimvera. Theka la ola lofotokoza zimene malungo a m'bongo amasiya lingathe milandu yambiri ya ufiti kuposa mmene apolisi angathere.

Ofufuza aganizirenso za chitetezo chawo chomwe. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu n'kuphedwa, ogwira ntchito zaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi. Sindikuikira kumbuyo umbuli umenewo. Koma mlendo akabwera katatu, kufunsa, kulemba, nthawi zina kutenga magazi, osabweranso kudzanena chimene anapeza, anthu amadzipezera okha yankho.

Ndipo akadzabwera, abwere ndi mafunso athu, osati awo okha. Loyamba ndi la madzi. Kuyambira 2015, kudzera Idai mu 2019, Ana mu 2022 mpaka Freddy, sukulu zathu zakhala zikusanduka makampu. Ndani anatsatirapo chimene chimachitikira mwana wa khunyu mapiritsi ake a fenobabitoni akapita ndi madzi, msewu utaduka, Makhanga atasanduka chilumba? Mankhwala amenewa munthu akawasiya mwadzidzidzi amagwa koposa kale. Mphwanga anagwa kanayi m'sabata yoyamba ya kukampu, m'kalasi mmene munagona anthu osawerengeka, ndipo ena anasuntha mikeka yawo poopa kuti malovu ake awapatsira, chikhalirecho khunyu sapatsirana. Nanga mtsikana wa zaka 14 amene satha kufotokoza chimene wachitidwa, m'kampu yopanda magetsi, amamuteteza ndani?

Lachiwiri ndi la chiyankhulo. Mwana wa ku Nyachikadza kapena ku Ndamera amafika kusukulu akuyankhula Chisena, n'kupeza buku la Chichewa ndi mayeso a Chingerezi. Ine ndaonapo ana anzeru zawo akulembedwa kuti ndi ovutika kuphunzira pamene vuto linali lilime, ndi ena ovutikadi akubisika m'gulu lomwelo, aphunzitsi n'kumati Chichewa chikadzalowa adzasintha. Kusiyanitsa awiriwa kukufunika munthu wophunzira akhale nafe chaka chathunthu, osati masiku atatu.

Lachitatu ndi limene mlongo wanga amafunsa usiku: "Ine ndikadzafa, ameneyu adzakhala ndi yani?" Kafukufuku wambiri amene ndamumva amathera pa ana aang'ono, ngati kuti anawo sakula. Mphwanga tsopano ali ndi zaka 18 ndi ndevu zake. Sukulu inamulephera, Mtukula Pakhomo amalowa ndi kutuluka, ndipo ine amene ndikanamusunga ndili ndi shuga.

Chimene amatha ndi mbuzi. Anayamba yekha kutsatira za mnansi wathu, ndipo lero amaweta khumi ndi zinayi, zake zitatu. Kuwerenga satha, mukamufunsa kuti zilipo zingati amangoseka. Koma madzulo akaima pakhomo la khola amadziwa imene palibe, ndipo salowa m'nyumba mpaka ataipeza. Amadziwa imene yatsala pang'ono kuswa mwini wake asanaone. Palibe pepala mwa atatu aja limene linafunsa za zimenezi. Onse anafunsa zimene satha.

Mwezi wathawu mlongo wanga anatulutsa jumbo ija kuti mapepala auone dzuwa, chifukwa anayamba nkhungu. Anandipatsa lachiwiri lija, limene ndinamasulira ine, n'kuloza manambala a foni amene ali m'munsi mwake, pamene analemba kuti ngati muli ndi funso imbani apa. "Achimwene, muli ndi mayunitsi?" Ndinaimba. Mawu a mayi wa pa makina anati nambala imeneyi sikupezeka. Iye anapinda pepalalo m'mapindo ake akale, n'kulibwezera m'jumbo pamodzi ndi anzake.